Kalozera wa a Najere

Zaka za m'ma 1980

Za ubwana wanga sindilembapo, ana anga. Azakhali anu amazifotokoza bwino kuposa ine, ndipo chaka chilichonse amawonjezerapo kena kake. Ine ndiyambira pa ntchito yanga yoyamba ku Blantyre, m'chipinda chojambuliramo mapulani cha kampani ina imene inkapanga zitsulo za m'mafakitale a tiyi ndi za zigayo. Ndinafikako ndi satifiketi ya kusukulu ya zaumisiri, jekete lobwereka kwa amalume, ndi mtima woti ndikudziwa zonse. Ntchito yathu inali kujambula papepala chitsulo chilichonse chisanadulidwe, kuti wodula ndi wowotcherera asamaganizire okha. Ife tikalakwitsa ndi pensulo, chitsulo chenicheni chinkawonongeka kuseri kwa khoma, ndipo mawu a foromani ankayamba kufika mwini wake asanalowe pakhomo.

Mkulu wa chipindacho anali a Likongwe, bambo wamfupi wa magalasi omanga ndi waya, amene sankaseka mpaka Lachisanu. Sabata yoyamba anandipatsa kapulani ka chitsulo cha zibowo zambiri kuti ndikajambulenso. Ndinajambula mwachangu, ndinakometsa, ndinapita nako ndikumwetulira. Anakayang'ana pang'ono n'kundibwezera. "Iwe mnyamata, miyeso yakoyi yayambira pati?" Ndinati yayambira paliponse pamene ndaona kuti n'pabwino. "Paliponse si malo," anatero. "Wodula akayeza kuchokera paliponse, zibowo zake zikatheranso paliponse. Sankha mbali imodzi, miyeso yonse ichokere pamenepo." Ndinabwerera pa bolodi langa makutu akutentha, ndikuwatukwana chamumtima. Ndinagwira nawo ntchito zaka zambiri, ndipo ndinadzalira pa maliro awo kuposa achibale awo ena.

Zinthu zinkasowa kwambiri masiku amenewo. Pepala loonekera limene tinkajambulapo ndi inki likatha, tinkatenga lakale n'kumapala mizere ndi lezala, kupala mpaka pepalalo litabooka. Zolembera zikatsekeka tinkaziviika m'kapu ya tiyi ya madzi ofunda, ndipo tsiku lina mlendo anamwa madziwo tisanamuletse. M'zaka zomwezo ndinakwatira mayi anu, a Nangozo, amene anakana kwamtuwagalu kukhala m'tauni. Anati iwo sangagule masamba a nkhwani ndi ndalama ali ndi manja. Anatsala kwathu kwa Kanduku akulima, ine ndikubwera kumapeto kwa mwezi.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990

Kampani ija itayamba kugwa, anatichotsa ambiri. Ndinabwerera ku Mwanza ndi bolodi langa lojambulira, limene anandipatsa m'malo mwa zikomo, ndipo linavuta kukweza m'basi kuposa mbuzi. Ndinakhala pakhomo miyezi ingapo ndikusokoneza mayi anu kumunda, mpaka tsiku lina a Zuze anandiitanitsa. A Zuze anali ndi wekishopu pafupi ndi boma. Makolo awo anachokera kutsidya kwa malire, ndipo m'mawa uliwonse ankalowa akufuula "bondiya", moni wa kwawoko, ngati akudzutsa mudzi. Ankakonza zitsulo za malole odutsa pachipata cha malirewo, ngolo, mafelemu a zitseko ndi zigayo. Pulani sankayidziwa. Ankajambula ndi choko pansi pa simenti, munthu akapondapo ndiye kuti ntchito yasintha.

"Akuti inu mumajambula chitsulo chisanabadwe," anatero. "Bwerani muzijambula pano, anyamatawa akundithera zitsulo." Malipiro anali ochepa, koma ndinkagona pakhomo panga Loweruka ndi Lamlungu, ndipo inu munaphunzira sukulu ndi ntchito imeneyo. Mwana wawo wamwamuna, Fulanki, anakulira m'maso mwanga akusewera ndi maginito pansi pa tebulo langa, ndipo ankanditcha ankolo. A Zuze sanandilalatirepo pa anthu ngakhale kamodzi. Akakwiya ankayankhula Chinyungwe ndi khoma, n'kutuluka.

Cha m'ma 2010

Ndinali nditayamba imvi pamene kompyuta inalowa mu wekishopu. Inabwera ndi Mayi Nyasulu, injiniya wachitsikana wa kumpoto, amene anatumizidwa ku boma kuti athandize magulu a amayi olima mtedza. Ankafuna kupanga makina oswera mtedza opukusa ndi dzanja, opangidwa ndi zitsulo zopezeka konkuno, ndipo anagwirizana ndi a Zuze kuti azipangira pathu. Chichewa chawo chinali chokhota, mawu ena ankawatembenuza mpaka anyamata n'kumaseka, iwo n'kumaseka nawo. Tsiku loyamba anaona bolodi langa, analisisita ngati ng'ombe yokalamba, nati, "Bambo Kampira, ili lipume. Bwerani mukhale apa."

Ndinaopa, ndinene zoona. Ndinaona kuti ntchito yanga yatha, ndipo kamtsikana aka ndi kamene kabwera kudzaikwirira. Koma iwo anakoka mpando n'kundigwira dzanja pa kambewa kaja koyendetsera kompyuta, ngati mphunzitsi wa sitandade wani. Pulogalamu imene ankagwiritsa ntchito sinali yojambula chithunzi chabe. Munthu unkamanga chinthucho m'kati mwa kompyuta, chidutswa ndi chidutswa, n'kumachitembenuza kuchiona kumbuyo ndi kunsi, kenako kompyutayo n'kukutulutsira mapulani a wodula. Zimenezo ndinazikonda msanga. Chimene chinandizunguza mutu chinali china. Ukatsegula tsamba latsopano, usanamange kalikonse, unkapeza tinthu titatu tooneka ngati magalasi a pawindo topingasana m'mwamba. Ankatitcha mapuleni. Sitinali mbali ya makina, palibe ankatidula, palibe ankatiwotcherera, ndipo papulani yomaliza sitinkaoneka. Mayi Nyasulu ankayamba ntchito iliyonse powonjezera magalasi ena otere ndi mizere ya m'malere, m'mawa wonse, chitsulo ngakhale chimodzi asanamange. Ine ndinkati n'kutaya nthawi kwa anthu ophunzira.

Choncho ine ndinkamanga mwanga. Ndikamanga chitsulo choyamba, chachiwiri ndinkachikhazika pa mbali ya choyambacho, chachitatu pa chachiwiri, ngati njerwa. Tsiku lina ndinamaliza felemu yonse, yokongola, n'kuwaitana kuti adzaone. Iwo anati, "Yaoneka bwino. Nanga chitsulo ichi chikasowa ku Blantyre, tikagula chocheperapo?" Anasintha nambala imodzi yokha. Felemu yanga inaphwasuka ndikuona, zibowo zinathawira m'malere, mwendo wina unatulukira pamwamba, ndipo mbali yonse ya kompyuta inafiira ndi madandaulo. Anaseka mpaka misozi. "Bambo Kampira, mwamanga nyumba pamsana pa mbuzi. Mbuzi yayenda." Ndinaseka nawo, koma ndinapita kunyumba mtima uli wolemera, chifukwa sindinamvetse.

Amene anandimasulira anali mayi anu, osadziwa n'komwe. Munda wathu mukuudziwa, uli pamtsetse. Chaka chimenecho alangizi anali atatiyezera akalozera, mizere ikuluikulu ija yoyenda chopingasa phiri, imene amayeza ndi chingwe ndi zikhomo kuti madzi a mvula asakokolole nthaka. Pa kalozera sabzalapo chimanga, amabzalapo udzu wa vetiva. Ine ndi khasu langa Loweruka lina ndinayamba kudandaula kuti malo akungowonongeka, bwanji tisunthe kalozera mmodzi uyu pang'ono tipezepo mzere wa chimanga. A Nangozo sanaweramuke n'komwe. "Musunthe ameneyo, ndiye musunthenso mizere yonse ili m'munsimu, chifukwa yonse ikuyang'ana iye. Sadyedwa, koma ndi amene wagwira munda." Ndinaima ndi khasu m'manja nthawi yaitali, mpaka anandifunsa ngati ndalumidwa ndi chinthu.

Lolemba ndinafika ku ntchito a Zuze asanafuule bondiya. Ndinauza Mayi Nyasulu kuti magalasi awo aja ndi akalozera. Anandifunsa kuti kalozera n'chiyani, ndinawafotokozera, ndipo anaomba m'manja. Kuyambira tsiku limenelo mawu oti mapuleni anafa mu wekishopu yathu, iwonso ankati akalozera. Ndipamene anandiphunzitsa chinthu chimene ndikuwathokozera mpaka lero, kuwerenga ntchito ya munthu wina. Kumanzere kwa kompyuta kunali mndandanda wa zonse zimene womanga anachita, kuyambira choyamba mpaka chomaliza. Ukakhudza kalozera aliyense, unkatha kumufunsa kuti anabadwa kwa yani. Wina anachokera pa kalozera wa pansi, atakwezedwa mtunda wakuti. Wina anapendekeka kuchokera pa mzere wa pakati pa shafiti, chitsulo chozungulira chija chimene chimanyamula zonse. Unkathanso kufunsa kuti ana ake ndi ati, zitsulo ziti zimene zingasunthe iye akasuntha. "Musamafufute kalozera musanadziwe makolo ake ndi ana ake," ankatero. Ndipo akalozera awo sankawasiya ndi manambala, ankawapatsa maina, wina pansi, wina pakati, wina pakamwa, pothirira mtedza paja.

Makina oyamba anatheka, ndipo Mayi Nyasulu anapita nawo okha ku gulu lina la amayi cha ku Thambani kukawayesa. Ine sindinapite, ntchito ya malole inali itachuluka. Tinapanga ena owerengeka. Kenako mayi aja anapita kwawo kutchuthi, anadwala masiku ochepa, ndipo uthenga umene unatipeza unali wa maliro. Sindinathe kupita, kunali kutali ndipo tinamva mochedwa. Mpando wawo unakhala pambali panga miyezi yambiri wopanda wokhalapo, ndipo anyamata ankauzungulira ponyamula zitsulo. Zinandipweteka ngati mwana wanga.

Zaka zingapo pambuyo pake

A Zuze atafooka miyendo, Fulanki ndi amene anatenga wekishopu. Musamuone ngati munthu woipa mu nkhaniyi. Anali ndi anthu oti awalipire, magetsi ankazima tsiku lonse, ndipo zitsulo zinkakwera mtengo sabata iliyonse. Choncho bungwe lina litabwera kudzaitanitsa makina oswera mtedza ambiri ndithu, oti agawidwe ku magulu a amayi kukolola kusanathe, Fulanki anavina pakati pa wekishopu. Inali ntchito yaikulu kuposa zonse zimene tinalandirapo.

Vuto linali paipi. Mtima wa makina aja ndi dilamu, paipi yonenepa imene imazungulira n'kumaswa makoko, ndipo paipi ya saizi imene Mayi Nyasulu anasankha inasowa Blantyre yense. Fulanki anabwera ndi ina yonenepa kwambiri imene anaipeza kwa ogulitsa zitsulo zakale. "Ankolo, sinthani nambala, mawa tiyambe kudula." Ndinatsegula ntchito ya malemu aja, ndinasintha nambala. Palibe chinaphwasuka, palibe chinafiira, chifukwa anamanga bwino. Koma dilamu itakula, shafiti ndi chopukusira sizinakwere m'mwamba monga ndinkayembekezera. Zinakhala pomwepo, dilamu n'kufufumira m'munsi, mpaka potulukira mtedza panatsala pang'ono kugunda pansi. Beseni lolandirira mtedza silikanalowa, ngakhale lichero.

Ndinayamba kufunsa akalozera mmodzimmodzi, monga anandiphunzitsira. Chopukusira chinabadwa kwa shafiti. Shafiti inagona pa mzere wa pakati. Mzere wa pakatiwo unagona pa kalozera wina amene ndinali ndisanamuyang'anitsitsepo, ndipo dzina lake silinali pansi, pakati kapena pakamwa. Linali anajere. Kholo lake linali limodzi, kalozera wa pansi, ndipo mtunda wochokera pansipo anaukhoma kuti usasinthe, kaya dilamu ikule kaya ichepe. Sunachokere ku paipi, sunachokere ku beseni, sunachokere ku chitsulo chilichonse. Inali nambala yongoima payokha, yosakwana bwino ngati manambala amene munthu amasankha pa tebulo. Ana ake anali pafupifupi makina onse.

Fulanki anasuzumira paphewa panga. "Ndiye chikuvuta n'chiyani? Fufutani kameneko, talikitsani miyendo, beseni lilowe. Ntchito ya mphindi zochepa." Ankanena zoona, inali ntchito yochepa, ndipo wina aliyense wanzeru akanatero. Makina akanangokwera pang'ono, ngati chikhatho ndi theka. Ndinamuuza kuti mayi aja sankakhoma nambala popanda chifukwa. "Ankolo, munthuyo anamwalira. Mwina linali dzina la mnzake." Ndinamupempha tsiku limodzi. Anapukusa mutu, koma anandipatsa.

M'mawa mwake ndinakwera pikapu ya ku Thambani, nditapanikizika pakati pa matumba a feteleza ndi mayi wina wa nkhuku. Pamsika ndinafunsa za a Najere, ndipo ndinaoneka wopusa, chifukwa kwathu kuno Najere ndi mfunda, si munthu mmodzi. Anandilozera wogulitsa tomato, anandilozera wa mandasi, wina anati apongozi akenso ndi a Najere. Nditanena kuti ndikufuna a ku gulu limene linalandira makina a mtedza, wakabaza wina anati, "Oo, a Najere aafupi," n'kundikweza.

Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba. Atadzuka kuti andipatse mpando ndinaona chifukwa cha dzinalo, mutu wawo unkandifika pachifuwa. Nditadzifotokoza kuti ndachokera kumene makina awo anapangidwa, nkhope yawo inawala. "Nanga mwana uja wa Chichewa chokhota ali kuti? Anati adzabweranso kudzadya chiponde." Ndinali ndisanaganize kuti uthenga sunawafike. Ndinavula chipewa n'kuwauza. Anakhala pansi pang'onopang'ono, anaphimba nkhope ndi chitenje, nkhuku zikudya nyemba zija popanda woziingitsa.

Atapukuta maso ndinawafunsa chifukwa chake dzina lawo lili m'kati mwa makina. Sanamvetse za kompyuta, koma nkhani anali nayo. Anati kale gulu lawo linalandirapo makina ena kuchokera kwa anthu akufuna kwabwino, aatali, oti chopukusira chikafika pamwamba chinkapitirira pamphumi pawo. "Tikapukusa pang'ono, mapewa ankayaka moto. Ndiye abambo anati tipatseni tikuthandizeni. Poti aswa ndi iwo, thumba ananyamula ndi iwo, kumsika anapita ndi iwo. Mtedza tinalima ife, koma tinkangomva kuti unagulidwa motchipa chaka chino." Mayi Nyasulu atamva zimenezo, anati amayi onse aime pamzere, nasankha wamfupi kuposa onse. Anawapatsa a Najere khala la moto lozima, nawaimika pafupi ndi khoma. "Anati, amayi, pukusani ngati mukupukusa makina, osanyanyamphira, osawerama, khalalo lizilemba pakhoma. Anzanga anaseka, ati Najere wayamba sukulu. Iye anayeza pakati pa chozunguliracho kuchokera pansi, n'kulemba pa dzanja lake."

Khomalo anali atalizira kangapo, panalibe chooneka. Ndinawapempha kuti achitenso. Anapita kukhitchini, anabwera ndi khala, anaima chammbali, najambula chozungulira chakuda pakhoma lawo loyera osandifunsa kuti ndani adzazirenso. Ndinatulutsa tepi yanga, ndinayeza kuchokera pansi kufika pakati. Inali nambala ya malemu ija, kusiyana kwake kosakwana chala. Ndinachita manyazi kulira pakhomo pa eni, koma ndinalira.

Pobwerera m'pikapu ndinkadziwa kale kuti ndalowa m'mavuto. Ndinamufotokozera Fulanki zonse. Anamvetsera bwinobwino, nati, "Nkhani yake ndi yomvetsa chisoni, ankolo, koma amene aitanitsa makinawa sananene za kutalika. Akufuna makina pa tsiku lake. Tikachedwa apita ku Blantyre." Ndinati ilipo njira ina, kusiya chopukusira pomwe chili, mtedza uzitulukira chammbali pa kangalande kopendekeka, beseni likhale pambali m'malo mokhala kunsi. Koma zimenezo zinkafuna kujambulanso sefa, malata owonjezera, ndi kuyesa kangapo. Masabata, osati mphindi. "Ndikukuuzani ngati mwini wake wa pano," anatero, mawu atauma. "Fufutani." Ndinamuyang'ana mwana amene ndinkamuchotsa tizitsulo m'tsitsi. "Bwana, kompyutayi ndi yanu, mukhoza kupeza wina afufute. Dzanja langa lokha ayi." Kanali koyamba kumutcha bwana, ndipo tonse tinamva kuwawa kwake. Anati ngati ndi choncho ndipange njira yangayo, poti panalibe wina pa Mwanza wodziwa pulogalamuyo, koma ntchitoyi ikatha ine ndi iye tisiyane.

Iwe Chikondi unali usanamalize koleji nthawi imeneyo, ndipo ndinkawerengera kuti ndigwira ntchito mpaka umalize. Sunadziwe zimenezi, tinakubisira. Ndinapita kunyumba ndikuganiza kuti mwina ndachita zamwano ndi tsogolo la mwana wanga chifukwa cha munthu wakufa ndi mayi wina wosamudziwa. Ndinawauza mayi anu ndikuyembekezera mkuntho. Anali akuswa mtedza ndi manja pamphasa, ndipo anapitiriza kuswa. Kenako anatambasula zala zawo pamaso panga, zong'aluka m'mphepete mwa zikhadabo. "Mwakhala mukupanga makina amenewa zaka zonsezi, ine ndikuswa ndi izi, simunandiyezepo. Bola mwana wa eni anayeza wina. Pitani mukamalize, mbuzi zilipo, manachesi alipo." Sindinadziwe ngati andikhululukira kapena andidzudzula, ndipo sindinafunse.

Chaka chimene ndinapuma

Ndinamanga kalozera wanga woyamba m'ntchito ya Mayi Nyasulu, wopendekeka, wobadwa kwa mzere wa pakati pa shafiti, ndipo kangalande ndinakakhazika pa iye. Kangalande koyamba kanatsekeka ndi makoko. Ndinapendeketsa kalozerayo pang'ono, zitsulo zonse za pa iye zinatsatira zokha, tinadulanso. Kachiwiri kanamwaza mtedza pabwalo ponse, anyamata n'kumatola akudya. Magetsi akazima ndinkakhala ndikuyang'ana kompyuta yakuda, Fulanki akudutsa kumbuyo kwanga osayankhula. Koma malata ankagula, ndipo tsiku lina ndinamupeza atagwada yekha akuyang'ana mmene mtedza ukutsikira. Atandiona anadzuka n'kunamizira kufuna sipanala.

Tinachedwa. Bungwe lija linadula chiwerengero cha makina, ena linakagula kwina, ndipo Fulanki anataya phindu limene ankaliwerengera. Anasunga mawu ake, inenso sindinamupemphe kuti awabweze. Ananditsanzika mwaulemu, anandipatsa zanga zonse, ndipo mpaka lero tikakumana pa boma amatsika njinga yake yamoto kudzandipatsa moni. Ndimamuthokoza, chifukwa akanatha kutalikitsa miyendo ija ndi choko pansi ngati bambo ake, osandifunsa, koma sanatero. Mbuzi zinapita zambiri chaka chimenecho, ndipo Chikondi unamaliza.

Tsiku langa lomaliza pa ntchito linali lokapereka makina ku Thambani. Ndinapempha kuti ndipite nawo. Tinawatsitsa pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi nyumba ya a Najere, amayi atasonkhana ndi madengu awo, abambo ataima chapatali manja kumbuyo ngati oyendera ntchito. Tisanamalize n'komwe kumanga mabawuti, amuna awo a a Najere, bambo wamtali wa chipewa cha mlaza, anabwera kutsogolo akupinda malaya. Anati makina ndi chinthu chofuna mphamvu, ayambe ndi iwo aone ngati ali bwino. Anathira mtedza, anawerama, anapukusa. Mtedza unatsika bwino pa kangalande kanga n'kugwera m'beseni, woyera, wosasweka. Anapukusa kanthawi, kenako anaweramuka atagwira msana, nkhope itakwinyika.

"Amisiri, apa pokha mwalakwitsa," anatero akundiyang'ana. "Makinawa ndi aafupi. Munthu sungathe thumba limodzi, msana uthyoka."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, koma a Najere anali atafika kale. Anamanga chitenje bwinobwino, anawakankha pang'ono ndi chigongono.

"Tachokanipo, bambo. Sanayezere inu."

Amayi anaphulika kuseka, wina analuluta. A Najere anagwira chopukusira ataima chilili, osanyanyamphira, osawerama, ndipo anauza mnzawo kuti abweretse dengu lina.